Emma, Injiniya wa ku France Amene Anajambula Katundu wa M'mutu mwa Amayi

Amayi anzanga a m'mbali mwa nyanja, inu a ku Kande, ku Chintheche, ku Mpamba, ndi inu a ku Usisya amene magazini ino imakupezani mochedwa, lero ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina wa ku France. Amadziwika ndi dzina limodzi lokha, Emma. Si sisitere, si dokotala, ndipo alibe mpando m'boma. Anabadwa mu 1981, anaphunzira uinjiniya wa makompyuta, nagwira ntchito imeneyo zaka zingapo. Koma chimene chinamutchukitsa si makompyutawo ayi. Ndi zithunzi zimene ankajambula akaweruka ku ntchito.

Mu 2016 anayamba kuika zojambula zake pa intaneti. Mu Meyi 2017 anaika pa Facebook kankhani ka zithunzi kotchedwa Fallait demander, ife tinganene kuti "Ukanangonena". Anthu anakagawana koposa ka 200,000, ndipo mwezi womwewo nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inakasindikiza m'Chingerezi. Kenaka kanamasuliridwa m'zinenero zina zambiri. Kankhani kake n'kapafupi, zithunzi zake n'zosavuta, zoti mwana wa Fomu 2 waluso angathe kujambula. Nanga n'chiyani chinagwira mitima ya amayi a mayiko osiyanasiyana chonchi? Ndi chinthu chimene inu mumachidziwa bwino kuposa Emma mwiniyo, kungoti sitinachipatse dzina.

Ntchito yake yoyamba

Tiyambe ndi uinjiniyawo, chifukwa popanda iwo zithunzizo sizikanatuluka m'mene zinatulukira. Mukamatumiza ndalama pa foni, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba (ndikunena wa TNM, osati wathu wa pa msewu wa ku Mzuzu), dziwani kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kulemba malangizo onse amene makinawo amatsata. Munthu akalakwitsa nambala yachinsinsi, uchite chakuti. Ndalama zikaperewera, ukane. Netiweki ikaduka ndalama zili pa njira, uzibweze kwa mwini wake. Kompyuta payokha ilibe nzeru yoti ione kuti apa pakufunika chakuti. Imachita chokhacho chimene yauzidwa, basi. Choncho ntchito yeniyeni ya injiniya wotere ndi kuganiziratu: kuona zonse zimene zingachitike zisanachitike, ndi kukonzeratu yankho la chilichonse.

Ntchito zoterezi zimagwiridwa m'magulu, ndipo gulu lililonse limakhala ndi woyang'anira amene amagawa ntchito, kusunga masiku, ndi kukumbutsa amene waiwala. M'kankhani kake kaja Emma akufotokoza kuti iye atapatsidwa udindo woyang'anira, posakhalitsa anasiya kugwira nawo ntchito yamanja, chifukwa nthawi sinkamukwanira. Kukonza ndi kukumbukira kunali kale ntchito yodzaza tsiku. Inu amene munagwirapo ku esiteti ya tiyi ku Kawalazi kapena ya mphira ku Vizara mukudziwa zimenezi. Kapitawo sayembekezeredwa kudzaza dengu lake ngati wothyola. Ntchito yake ndi maso ndi mutu, ndipo amalipidwa chifukwa cha ntchito imeneyo.

Ndiye Emma anatembenuza maso a uinjiniya omwewo n'kuyang'ana m'nyumba. Anaona kuti pakhomo kapitawo alipo, koma salipidwa, satchulidwa, ndipo ndi yemwenso amagwira gawo lalikulu la ganyuyo.

Kankhaniko kamayamba ndi alendo amene aitanidwa kudzadya kwa banja lina. Mayi wa pakhomopo akudyetsa ana uku akuphika, bambo ali khale kucheza ndi alendo. Mphika ukusefukira, zinthu zikutayikira pansi. Mayi akudandaula kuti wachita zonse yekha, ndipo bambo, mosapsa mtima konse, akudabwa chifukwa chake mkazi wake sanamupemphe kuti amuthandize. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Bamboyo si wankhanza, si chidakwa, sanakane ntchito. Koma podikira kuuzidwa, wamuika mkazi wake pa udindo wodziwa zonse, kukumbukira zonse ndi kugawa zonse. Iye wadzisandutsa kompyuta ija yochita chokhacho chimene yauzidwa. Ukamutuma chinthu chimodzi, abweretsa chimodzicho, zina zisanu zimene zinali pambali pake sazionanso.

Dzina la vutoli sanalipeke ndi Emma. Mayi wina wofufuza za kakhalidwe ka anthu ku France komweko, Monique Haicault, analemba za katundu wa m'maganizoyu mu 1984, pofotokoza amayi apantchito amene thupi limakhala ku ntchito mutu uli kunyumba. Kwa zaka zoposa 30 mawuwo anangokhala m'mabuku a anthu ophunzira. Chiwerengero nachonso chinalipo kale: kafukufuku wa bungwe la boma la INSEE wa mu 2010 anapeza kuti amayi a ku France amagwira magawo 71 pa 100 aliwonse a ntchito za pakhomo, ndi magawo 65 a ntchito yolera ana. Koma manambala sanasunthe munthu. Chinasuntha anthu ndi chithunzi cha mphika wosefukira. Mayi amene analibe mawu ofotokozera kutopa kwake anangotenga foni n'kupatsa mwamuna wake kuti aone yekha.

Wa pamutu ndi wa m'mutu

Kwathu kuno katundu wa mayi amaoneka. Ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni, beseni la usipa, zonse zimakhala pamutu, ndipo aliyense wodutsa amaona kuti mayiyu wasenza. Katundu wa pamutu ali ndi nkhata yake yochepetsa ululu. Ukafika pakhomo wina amathamanga kudzakutula. Koma pali katundu wina amene sakhala pamutu, amakhala m'mutu. Ameneyu alibe nkhata, saoneka, ndipo palibe amene amathamanga kudzakutula. Umagona naye, umadzuka naye, umapita naye ku Misa.

Taganizirani kondowole amene banja lidzadye Lamulungu likubwerali. Bambo adzaona nsima m'mbale. Inu mukudziwa kuti nsima imeneyo inayamba sabata yapitayo, tsiku limene munayang'ana m'thumba la ufa n'kuwerengera kuti ufika liti. Munakumba chinangwa, munasenda, munaviika, munawerenga masiku, munavuula, munayanika uku mukuyang'ana kumwamba ngati mvula ikubwera, kenaka kusinja kapena kupita kuchigayo, ndipo ya chigayoyo munaisunga pambali kalekale kuti isadyedwe. Manja anagwira ntchito, inde. Koma chimene chinachititsa kuti ufa usathe pakati pa sabata ndi mutu umene unali patsogolo ndi masiku asanu ndi awiri. Ndipo pano pali nkhani ya umoyo imene sindingailumphe. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka ndi kuviika kokwanira ndi kuyanika bwino. Mayi amene zamuchulukira, ufa n'kumuthera mwadzidzidzi, ndi amene amayesedwa kuvuula chinangwa chisanafewe. Kuiwala kwa tsiku limodzi kumatha kufika m'mimba mwa ana.

Tsopano tsegulani kabuku ka kusikelo ka mwana wanu wamng'ono. Katemera woyamba ndi wa tsiku lobadwa. Kenaka pa masabata 6, pa masabata 10, pa masabata 14. Boma lathu la Nkhata Bay lili m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndiye onjezani wa miyezi 5, wa miyezi 6 ndi wa miyezi 7. Pa miyezi 9 pali wa chikuku, pa miyezi 15 wa chikuku wachiwiri, ndipo pa miyezi 22 wa malungo wachinayi. Amenewo ndi maulendo khumi, osawerengera sikelo ya mwezi ndi mwezi ndi vitamini A wa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Funso langa ndi ili: m'nyumba mwanu ndani amadziwa tsiku lotsatira? Mukanati mugonekedwe m'chipatala mwezi wathunthu, bambo a mwanayo akanadziwa ngakhale pamene kabukuko kamasungidwa?

Katemera wa miyezi 22 ndi amene ana ambiri amaphonya. Pa nthawiyo mwana akuyenda, akuoneka wamphamvu, ndipo kawirikawiri mayi ali ndi pathupi pena kapena khanda lina, ndi masiku ena atsopano oti asunge. Tikafunsa kuchipatala timafunsa mayi, ndipo amene amachita manyazi ndi mayi. Mwanayo ali ndi makolo awiri, koma woiwala amakhala mmodzi chifukwa wokumbukira analinso mmodzi.

Pathupi ndiye katunduyu amawirikiza. Masiku ano timalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Pali mapiritsi owonjezera magazi a tsiku ndi tsiku, Fansidar wa nthawi yake, neti yoti ikhomedwe. Pali zitenje, beseni ndi zina zoti zikhale m'chikwama mwezi usanakwane. Pali ndalama ya galimoto kapena ya boti, pali woti adzatsale ndi ana mayi akapita kuchidikiro, pali ufa woti awasiyire ndi wina woti anyamule. Inu a ku Usisya mukudziwa tanthauzo la matenda kuyamba usiku, mvula ikugwa, msewu wa m'mapiri uja utaterera, nyanja itakalipa. Pa ola limenelo si nthawi yoyamba kufunsa kuti ndalama tiipeza kuti. Wina anayenera kuganiziratu, ndipo nthawi zambiri amene anaganiziratu ndi yemwe akubuula ndi ululuyo.

Pamwamba pa zonsezi ikani tsiku la banki m'khonde, mayeso a mwana wa Sitandade 8, mankhwala a BP a apongozi amene atsala a masiku anayi, chopereka cha ku mphakati, ndi kolorini wa m'madzi akumwa, amene tonse tinaphunzira kufunika kwake kolera itatisautsa m'boma lino mu 2022.

Zimene thupi limanena

Ife anamwino timakumana ndi katunduyu atasintha nkhope. Mayi amabwera akuti mutu sukusiya kupweteka, tulo sakupeza, mtima ukuthamanga, akuiwalaiwala, ana akungowakalipira popanda chifukwa. Tikayeza malungo, palibe. Magazi ali bwino. Ukamufunsa modekha, yankho limakhala lija timalidziwa tonse: ndikuganiza kwambiri.

Katundu wa m'mutu payekha si matenda. Koma munthu amene mutu wake supuma, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, amakhala pafupi ndi matenda enieni. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mayiko osauka mayi mmodzi mwa asanu aliwonse amene angobereka kumene amakhala ndi vuto la m'maganizo, makamaka matenda a kukhumudwa. Ngati mayi wakhanda wakhala masabata awiri kapena kuposa akungolira, sakusangalala ndi kalikonse, sakufuna kudya, sakufuna kuyamwitsa, kapena wayamba kunena kuti bola kufa, musamuuze kuti alimbe mtima n'kumusiya. Si ulesi, si ufiti, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mupempherereni, inde, koma mumuperekezenso kuchipatala. Matendawa amachizika, ndipo mu dayosizi yathu tili ndi mwayi wa abale a St John of God ku Mzuzu amene ntchito yawo ndi imeneyi.

Chenjezo lina: mutu wopweteka kwambiri kwa mayi woyembekezera kapena amene wangobereka, makamaka maso akamachita chidima kapena nkhope ndi manja zikatupa, musati ndi maganizo. Kungakhale kuthamanga kwa magazi koopsa. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo pa mndandanda wautali uja wa m'mutu mwa mayi, amene amalembedwa kumapeto ndi mwini mutuyo. Amakumbukira mankhwala a aliyense, ake n'kudumphitsa. Amadziwa tsiku la sikelo ya mwana aliyense, koma kukayezetsa khomo la chiberekero amangoti mwezi wamawa, chonsecho Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri pa dziko lonse.

Anatijambulanso ife azamba

Emma sanajambule za kukhitchini zokha. Anajambula za tchuthi cha uchembere, m'mene anzake a ku ntchito ankachionera ngati holide yokapuma, pamene mayi amakhala ali ndi mabala, osagona, khanda likulira. Anajambulanso nkhani ya mnzake amene anawonjezeredwa njira pobereka mosalemekeza kufuna kwake. Nkhani yotere imatilasa ife azamba, ndipo ndi bwino kuti itilase. Kuwonjezera njira nthawi zina kumafunikadi, monga mwana akatopa ndipo akufunika kutuluka msanga. Koma malangizo a WHO a mu 2018 amaletsa kuchita zimenezi kwa mayi aliyense mwachizolowezi. Asungwana ndi anyamata amene timawaphunzitsa unamwino timawauza kuti afotokoze, apemphe chilolezo, aphe ululu asanadule ndi asanasoke. Inunso dziwani kuti muli ndi ufulu wofunsa chimene chikuchitika pa thupi lanu ndi chifukwa chake. Kufunsa si mwano.

Pamene ndikusiyana naye

Sindikukuuzani kuti mutenge zonse za Emma. Pa ndale ali ndi mbali yake yolimba, ndipo pali nkhani zina za moyo ndi banja zimene maganizo ake sagwirizana ndi chiphunzitso cha Mpingo wathu. Komanso amajambula mabanja a m'tauni ya ku Ulaya, a makina ochapira ndi otsukira mbale, mwamuna ndi mkazi onse akuweruka madzulo n'kukumana m'nyumba imodzi.

Kwathu sizili choncho. Bambo amene wachezera pa nyanja usiku wonse ndi nyali, akukoka chilimira, sangadzuke m'mawa kukonzekeretsa ana a sukulu. Iyenso ali ndi katundu wake wa m'mutu: mafuta a injini, ngongole ya ukonde, usipa umene ukuchepa, ndi mwera umene umatha kutembenuza bwato. Zimenezo tisazipeputse. Ndipo m'nyumba zambiri bamboyo kulibe n'komwe, ali ku Joni. Kuchoka kwa amuna a m'boma lino si kwa lero. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anali kale ku Cape Town mu 1919 pamene anayambitsa bungwe lotchuka la anthu apantchito. Mbiri imakumbukira amene anapita. Amene anatsala ndi minda, ana, nkhalamba ndi maliro, zaka zoposa zana tsopano, ndi agogo athu, amayi athu ndi ife.

Emma amaika chiyembekezo chachikulu pa malamulo, makamaka tchuthi cha abambo mwana akabadwa, poti masabata oyambawo ndi amene amakhazikitsa kuti wodziwa za mwana ndi ndani. Pamene ankajambula kankhani kaja abambo a ku France ankapatsidwa masiku 11. Kuyambira Julayi 2021 ndi masiku 25. Kwathu kuno, lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021, bambo wolembedwa ntchito ali ndi ufulu wa masabata awiri, kamodzi pa zaka zitatu, pamene mayi ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maesiteti ndi m'malo ogona alendo azidziwe zimenezi ndipo azigwiritse ntchito kunyumba, osati pa bawo. Koma msodzi ndi mlimi wa chinangwa alibe bwana womupatsa tchuthi. Kwa ambiri a ife lamulo silidzatitula. Zidzatheka ndi kukambirana m'nyumba.

Komabe mfundo yake yaikulu ikuima, ngakhale pa mchenga wa ku Kande. Kutumiza ndalama pa Mukuru ndi chinthu chabwino, koma si kukumbukira. Bambo amene ali ku Johannesburg ndi foni ya WhatsApp angathe kusenza nkhani yonse ya sukulu: kudziwa tsiku lotsegulira, kuimbira aphunzitsi, kufunsa zotsatira, osadikira kuti mayi alire kaye kuti mwana wabwezedwa. Msodzi amene amadzuka masana angathe kukhala mwini wake wa nkhani ya maneti a udzudzu, kuona lobooka ndi kulisoka. Ndani amaposa msodzi kusoka ukonde?

Mbali yathu

Pano ndiyankhule za ife tokha, poti abambo sakumva. Mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri timamuphunzitsa kuona: taona moto ukuzima, taona mwana akulira, sukuona kuti madzi atha? Mlongo wake wa zaka khumi timangomutuma, akabwerako apite kukasewera mpira. Patapita zaka makumi awiri timadabwa kuti mpongozi wathu akudandaula kuti mwamuna wake saona kanthu. Anaphunzira kuti?

Ndipo bambo wina akadzipereka, n'kubereka mwana kupita naye kusikelo ku Chintheche, amene amayamba kunong'onezana pa mzere kuti anamudyetsa khuzumule ndi amayi anzathu. Apongozi akamva kuti mwana wawo anachapa matewera, nkhani imafika kwa ankhoswe. Enanso a ife sitifuna kutulidwa. Bambo akasambitsa mwana timabwerezanso, akagula ndiwo timati wagula zolakwika, mpaka amaleka. Munthu sangaphunzire ntchito imene akulandidwa m'manja nthawi zonse. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu timakonda kuunena pa misonkhano ya chitukuko, kuiwala kuti denga loyamba ndi la nyumba yathu yomwe.

Ngakhale ku tchalitchi tiyang'ane bwino. Bambo Mfumu akamabwera ku nthambi, pa maliro, pa Ukaristiya woyamba, amene amadziwa kuti nkhuni zichokera kuti, mbale zibwerekedwa kwa yani, nsalu za pa guwa zachapidwa kapena ayi, ndi amayi asanu omwe aja chaka ndi chaka. Timawayamikira kuti ndi odzipereka, osafunsa ngati akugona tulo.

Malembo Oyera amaidziwa ntchito yosaonekayi. Pa ukwati wa ku Kana, m'mutu wachiwiri wa Yohane, panali mkulu wa phwando, panali mkwati, panali otumikira, koma amene anaona kuti vinyo watha ndi Amayi Maria. Chizindikiro choyamba cha Ambuye chinayambira pa maso a mayi amene anali mlendo chabe koma mutu wake uli kukhitchini. Nawonso abambo ali ndi chitsanzo chawo. Yosefe Woyera atachenjezedwa m'maloto, anadzuka usiku womwewo, natenga Mwana ndi Amayi ake kupita ku Ejipito. Mateyo sakutiuza kuti anadikira Maria amukumbutse. Papa Fransisko analemba kalata yonse ya Patris Corde mu Disembala 2020 yonena za ubambo wa Yosefe, ndipo ingakhale poyambira pabwino ngati bungwe lathu litapempha kukhala pansi tsiku limodzi ndi Bungwe la Abambo Achikatolika.

Luso lachiwiri

Kankhani kaja katatchuka, moyo wa Emma unasintha. Zojambula zake zinasonkhanitsidwa m'mabuku otchedwa Un autre regard, kutanthauza kuona mwa njira ina, kuyambira mu 2017. La Chingerezi, The Mental Load, linatuluka mu 2018. Mu 2019 anatulutsa lina lonena za kusintha kwa nyengo. M'kupita kwa nthawi anasiya uinjiniya n'kukhala wojambula ndi wolemba. Ena angati sukulu yonse ija inapita pachabe. Ine ndikuona mosiyana. M'zojambula zake muli kaganizidwe ka injiniya: kutenga chinthu chosokonekera, kuchiphwanya m'zigawo, kusonyeza chimene chimayambitsa chinzake, mpaka munthu wamba aone pamene pali vuto.

Ife a Malawi mphamvu ya zojambula timaidziwa. Achikulire mukukumbukira m'mene tinkalimbiranirana Moni kuti tione Chatsalira, kapena nyuzipepala kuti tione Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja. Kuchipatala mpaka lero timaphunzitsa ndi zithunzi, chifukwa chithunzi sichifunsa kuti unalekeza kalasi yanji. Koma mtsikana akapezeka akujambula kumapeto kwa kope la masamu, timamukalipira kuti akuwononga pepala. Mulungu sapereka mphatso imodzi imodzi ngati makuponi. Ambuye John Ryan, amene anadzozedwa kukhala episkopi wa Mzuzu mu 2016, anali wansembe komanso mphunzitsi wa masamu pa Mzuzu University. Mwana wanu wokonda masamu ndi kujambula musamusankhire msanga chimodzi. Chimene chimamulanda zonse ziwiri kawirikawiri ndi katundu yemweyu, amene timayamba kumusenzetsa akadali ku pulayimale, anyamata akuwerenga.

Pa msonkhano wanu wotsatira yesani kuchita zimene Emma anachita. Simufunika kompyuta. Tengani pepala lalikulu, kapena salazani mchenga pansi pa mtengo wa mango. Jambulani mutu wa mayi, waukulu ndithu. Aliyense aike m'mutumo chinthu chimodzi chimene akukumbukira sabata ino chimene wina aliyense kunyumba kwake sakuchidziwa: thumba la ufa, kabuku, botolo la mankhwala, yunifolomu yong'ambika. Amene sadziwa kulemba ajambule. Mudzaseka, ndipo mwina wina adzalira. Mukatha, aliyense asankhe chinthu chimodzi choti akatule.

Potula pake ndi pamene pafunika nzeru. Musapereke theka la ntchito, perekani yonse ndi mutu wake womwe. Kunena kuti "bambo, kaguleni sopo" si kutula, poti amene waona kuti sopo watha ndinu. Kutula ndi kugwirizana kuti kuyambira lero sopo, mchere ndi machesi ndi za bambo: aziona okha, azigula okha. Nkhaniyi muikambe pa nthawi ya mtendere, osati mphika ukusefukira. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli nkhanza, kotero kuti kuyankhula kotere kungakuikeni pa ngozi, musayambe nokha. Pitani kaye kwa ankhoswe, kwa alangizi a mabanja a parishi, kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Musayambe ndi katemera kapena mankhwala, poti pamenepo kuiwala kuli ndi mtengo waukulu. Kabukuko muzikatsegula awiri, tsiku lotsatira mulilembe pa khoma pamene onse aliona. Yambani ndi mchere. Sabata yoyamba udzatha ndithu, ndipo inu mudzaona kuti ukutha kudakali masiku atatu. Lumani lilime. Usipa wopanda mchere wa tsiku limodzi sunaphepo munthu.